Tayala Lalikulu ndi Amisiri Ake

Land Rover ya Series III, ija yaitali ya 109, inkatuluka ku fakitale ya ku Solihull ku England itavala matayala a 7.50-16. Land Cruiser za ku Japan zomwe zakhala zikunyamula odwala, mankhwala ndi chimanga m'misewu ya kumidzi kwa zaka zambiri zinkabweranso ndi saizi yomweyo. Ndi tayala lowonda, lotalika pafupifupi mamilimita 800, losakopa maso. Munthu akangogula imodzi mwa nkhalamba zimenezi, kaya pa okushoni ya boma kaya ku bungwe lomwe latopa nayo, chinthu choyamba chomwe chimamuyabwa ndi tayala lomweli. Amafuna la mainchesi 33, wina 35, lonenepa, la mano akuluakulu, loti akaima pa depoti anthu acheuke. Chilakolako chimenechi chimadyetsa mabanja angapo nthawi imodzi: la wamatayala, la makanika, la wowotcherera, la wowongola mabodi ndi la wogulitsa zipangizo.

Ku South Africa ndi ku Australia kuli masitolo omwe ntchito yawo ndi iyi yokha. Munthu amalowetsa galimoto, amasankha m'buku, nabwera kudzaitenga itakwera. Kampani ya ARB, yomwe inayamba ku Melbourne mu 1975, imagulitsa masipuling'i ndi mashoku a Old Man Emu opangidwira galimoto iliyonse payokhapayokha. Kwathu kuno ntchitoyi simakhala ndi khomo limodzi. Ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, galimoto imayenda m'manja ambiri: matayala amalowa m'malimu pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu, masipuling'i amamasulidwa m'galaja ya kuseri, madigadi amakadulidwa kwa wowotcherera wa tsidya lina. Aliyense amalipidwa gawo lake, ndipo palibe mmodzi yemwe amasenza mlandu wa galimoto yonse. Ndiye ubwino kapena kuipa kwa ntchito yonseyo kumatsamira pa munthu mmodzi, makanika woyamba kufikiridwa, ngati ali ndi mtima wofunsa kuti, "Bwana, galimotoyi muziyenda nayo kuti?" asanagwire sipanala.

Funsolo lili ndi masamu kumbuyo kwake, ndipo makanika wodziwa amawachita pa katoni kapena pa foni mwini galimoto akuona. Pa tayala lolembedwa 235/85R16, nambala yoyamba ndi kunenepa kwake m'mamilimita, yachiwiri ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 85 pa 100 a kunenepako, yomaliza ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Kuwonkhetsa zonse, tayalali limatalika mamilimita 806, pafupifupi chimodzimodzi ndi 7.50R16 lakale lija. La 285/75R16 limafika 834. La 255/85R16 limafika 840. La mainchesi 35 ndi 889 polemba, ngakhale ambiri amaperewerako pang'ono akapimidwa ndi tepi.

Chomwe chimakodola galimoto m'msewu wokumbika si bodi, ndi difu, chibumi chachitsulo chija chomwe chili pakati pa ekiselo. Malole akadutsa m'dzinja amasiya ngalande ziwiri ndi mthumbira pakati. Difu ikakhala pa mthumbirawo matayala amangozungulira m'malere. Kukweza masipuling'i kumakweza bodi ndi chasisi, koma difu imatsala pomwe inali. Chomwe chimaikweza ndi tayala lokha, ndipo limaikweza ndi theka la kusiyana kwa kutalika kwa matayala awiriwo. Kuchoka pa 806 kupita pa 840, difu yakwera mamilimita 17 basi. Kupita pa mainchesi 35, yakwera mamilimita 40 ndi pang'ono. Eni magalimoto ambiri akamva nambala zimenezi amayamba kaye akhala chete. Sindikunyoza mamilimita 17. Woyendetsa yemwe anagonapo pa dambo podikira thirakitala amadziwa kuti nthawi zina kusiyana kwa kudutsa ndi kugona kumakhala komweko. Koma ndi bwino munthu adziwe chomwe akugula, chifukwa mtengo wake si wa matayala okha.

Woyamba kutuluka thukuta ndi wamatayala, ndipo pa amisiri onsewa ndiye amalandira zochepa pomwe moyo wake ndiwo uli pangozi kwambiri. Land Cruiser zambiri zakale zili ndi malimu ogawika, aja okhala ndi mkombero wachitsulo womwe umatsekera tayala. Anawapanga dala kuti munthu ali kutchire athe kuchotsa tayala ndi zitsulo ziwiri zotsendera ndi nyundo, amate chubu, apitirize ulendo. Koma mkombero uja ukapanda kukhala bwino mu mpata wake, kapena ukadyeka ndi dzimbiri, umafwamphuka pomwe akupopa mpweya, ndipo mphamvu yake ndi yokwanira kupha munthu. M'magalaja akuluakulu tayala lotere amalipopera m'khola lachitsulo. Wamatayala wa m'mbali mwa msewu alibe khola. Wochenjera amakulunga tcheni pa tayala ndi limu, amagoneka mbali ya mkombero pansi, amapopa pang'onopang'ono ataima patali, akumayang'ana ngati mkombero wakhazikika. Mnyamata wongoyamba kumene ndiye amakhalira tayala uku akupopa, ndipo mukamuona akutero m'chotseni.

Munthu yemweyu ndiye amadziwa zinthu zing'onozing'ono zomwe sizilembedwa pa risiti. Limu logawika silisunga mpweya palokha, choncho ngakhale tayala likhale lopanda chubu, pa limu lotere limafuna chubu ndi lamba wotchinga chubucho ku chitsulo. Timapepala tomwe fakitale imamata m'kati mwa tayala timayenera kuchotsedwa, apo ayi timapekesa chubu mpaka kuboola pakapita miyezi. Kunenepa kwa limu nako kuli ndi malire: la Land Rover yaifupi yakale ndi la mainchesi 5, la 109 ndi la 5.5, pomwe 235/85R16 limafuna la mainchesi 6 kupita m'tsogolo, ndipo tayala lonenepa mainchesi 12.50 limafuna la 8 kapena 10. Kukakamiza tayala lonenepa pa limu lowonda kumalitukumula pakati, limatha msanga pakatipo, ndipo galimoto imayenda mopepesuka. N'chifukwa chake a Land Rover amasakasaka malimu a Wolf, aja achitsulo cholimba a mainchesi 6.5 omwe anapangidwira Defender za asilikali a ku Britain. Malimu sasinthana wambawamba: Land Rover ili ndi mabawuti 5, Land Cruiser zakale zili ndi 6, ndipo za 78 ndi 79 zomwe zinayamba kutuluka mu 1999 zili ndi 5 koma pa mpata wina wosiyana ndi wa Land Rover.

Matayala akalowa, ntchito ya makanika imayamba, ndipo ambiri amaiyamba mochedwa, galimoto itabwerera kale ndi madandaulo. Dandaulo loyamba limakhala lakuti injini yafooka. Siinafooke. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limadya mtunda wautali, ndiye giya iliyonse yatalika. Injini ya dizilo ya malita 2.25 ya Series III inali ndi mphamvu za akavalo 62 ili yatsopano. Ikakalamba, n'kuipatsanso matayala okula ndi magawo 10 pa 100, pa chikweza chomwe inkakwera ndi giya yachitatu imayamba kupempha yachiwiri, kalachi imanunkha ponyamuka, mafuta amatha msanga. Potsika nakonso zimavuta. Msewu wa Golodi wochoka ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba, wa makona 20 aja, umafuna kuti injini izigwira galimoto pa giya yotsika. Giya ikatalika galimoto imathamanga, phazi limakhala pa buleki, ndipo mabuleki a Series ndi a madiramu, omwe akatentha amasiya kugwira. Tayala lalikulu limawavutitsanso kawiri: ndi lolemera, komanso msewu umaligwira patali ndi pakati pake.

Mankhwala enieni ndi kusintha magiya a m'madifu. Land Cruiser yokhala ndi difu ya 4.11, ikavala mainchesi 35, imafuna ya 4.56 kuti ibwerere pomwe inali. Madifu onse awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, ayenera kufanana; akasiyana, tsiku lomwe mwini wake adzalowetse magudumu onse anayi china chake chidzathyoka. Kukhazika magiya a difu ndi ntchito ya amisiri ochepa. Amapaka utoto pa mano a giya, amazungulitsa, amawerenga chidindo chomwe chatsala, amawonjezera kapena kuchotsa timbale topyapyala mpaka mano akumane pakatikati. Wina akaphonya, difu imalira ngati ikudandaula, ndipo simakhalitsa. A Land Rover ali ndi njira ina yachidule: Series ili ndi madifu a 4.7 pomwe Defender ndi Range Rover yakale zili ndi 3.54, ndipo bokosi logawa mphamvu la LT230 linapangidwa la magiya osiyanasiyana, 1.2, 1.4 ndi 1.6, choncho makanika wodziwa magalimoto ophwasulidwa amatha kupeza chomwe chikufunika popanda kuitanitsa kunja.

Kenaka pali zomwe zimathyoka. Makanika aliyense amadziwa kuti nati ikakana kumasuka amalowetsa paipi ku sipanala, ndipo dzanja lomwelo limathyola bawuti yomwe poyamba inali kumukanika. Tayala lalikulu ndi paipi imeneyo, yolowetsedwa ku shafuti ya m'kati mwa ekiselo. Mashafuti akumbuyo a Land Rover ya Series, a mano 10 aja, anali ndi mbiri yothyoka ngakhale pa matayala a fakitale. N'chifukwa chake 109 ya Series III inapatsidwa ekiselo yolimba ya Salisbury kumbuyo. Pa Land Cruiser 40 ndi 60 pofooka ndi pa mfundo ya Birfield ya kutsogolo, yomwe imaphulika tayala likazungulira m'matope kenaka n'kugwira mwala mwadzidzidzi chiwongolero chili chokhota. Mabering'i a magudumu, timitu ta ndodo zowongolera ndi bokosi la chiwongolero zonse zimafupikirwa moyo. Series ilibe chiwongolero cha pawa, choncho mapewa a dalaivala nawonso amalowa pa mndandanda.

Chinthu china chomwe amaiwala kuuza kasitomala ndi sipidomita. Iyo imawerenga kuzungulira kwa shafuti, siidziwa kuti tayala lakula. Pa mainchesi 35, ikamaloza 50 galimoto ili pa 55, ikamaloza 80 ili pa 88. Wapolisi wapamsewu yemwe waima ndi kamera pa tiredingi senta samva za saizi ya matayala. Makilomita olembedwa nawonso amachepa, ndiye wosintha oyilo potsata nambala amachedwa osadziwa.

Kuti tayala lipeze malo, pali njira ziwiri: kukweza galimoto kapena kudula bodi. Apa ndi pomwe ndimaona kuti ntchitoyi ili ndi amisiri enieni komanso ongofuna ndalama ya lero. Pa magalimoto a masipuling'i amasamba, pali akatswiri omwe amamasula mpukutu wonse, kupinda tsamba lililonse ndi nyundo pa chidutswa cha njanji, kuwonjezera tsamba limodzi, n'kumanganso. Ndi luso lakale, ndipo likachitidwa mosamala galimoto imakwera pang'ono n'kumanyamula bwino, ngakhale imauma pa mabampu. Koma palinso omwe amatenthetsa tsamba ndi moto wa gasi kuti lipindike msanga, zomwe zimapha kulimba kwa chitsulo. Omwe amawotcherera mashakolo aatali kuchokera ku zitsulo zotola. Omwe amalowetsa zidutswa pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi sipuling'i. Zonsezi zimaoneka bwino galimoto ili chiimire pa galaja. Pa Defender, yomwe kuyambira pa 110 ya 1983 ili ndi masipuling'i ozungulira, kukweza ndi mamilimita 50 kumapendeketsa ekiselo yakutsogolo, chiwongolero chimasiya kubwerera chokha, galimoto imayamba kusokera uku ndi uku pa tala, ndipo shafuti yaitali ya pansi imanjenjemera. Mapaipi a rabara a mabuleki amafupika, ndipo gudumu likalendewera m'dzenje amakokeka. Mmisiri wabwino amakonza zonsezi n'kuzilemba pa mtengo. Winayo amangoti, "Yakwera, bwana, taonani," n'kulandira zake.

Galimoto yokwera imagubuduka msanga, ndipo izi n'zofunika kuziganizira kuno komwe denga la Land Cruiser limasenza matumba, zigubu ndi matayala apadera, m'misewu yopendekeka ngati yopita ku Nyika kudzera pa chipata cha Thazima. Amisiri a ku Iceland, omwe pa nkhani ya matayala akuluakulu palibe owaposa, anasankha njira inayo, yodula bodi. Kampani ya Arctic Trucks, yomwe inayamba mu 1990 ngati nthambi ya ogulitsa Toyota m'dzikomo, imaveka Hilux ndi Land Cruiser matayala a mainchesi 38 mpaka 44, koma imakweza galimoto pang'ono momwe ingathere. Amadula madigadi ndi mbali ya bodi, amasuntha ekiselo, amawotchereranso, amasintha magiya, amakonza sipidomita. Hilux zawo ndi zomwe a pulogalamu ya Top Gear anayenda nazo pa madzi oundana a kumpoto kwa Canada mu 2007. Chifukwa cha matayala otere ndi chipale: akakwera pa Langjökull kapena Vatnajökull amaphwetsa mpweya mpaka ma psi 3 kapena 4, tayala limaphwatalala, galimoto imayandama pamwamba m'malo momira.

Ife chipale tilibe, ndipo apa ndi pomwe kutengera zithunzi za pa intaneti kumasocheretsa anthu. Tayala lonenepa limathandiza pa mchenga wa m'mbali mwa nyanja, ngakhale pamenepo chomwe chimagwira ntchito kwambiri ndi kuphwetsa mpweya kufika pa ma psi 15 kapena 18, zomwe tayala lowonda lalitali limachitanso bwino. M'matope okhala ndi nthaka yolimba pansi, lowonda limacheka n'kukagwira pansipo pomwe lonenepa limatereka pamwamba. Pa makande a ku Chikwawa ndi Nsanje, kapena a m'chigwa cha Luangwa cha ku Mfuwe, dothi limamatirira n'kudzaza mano a tayala lililonse. Lonenepa limangonyamula matope ochuluka mpaka kutseka m'madigadi. M'ngalande zokumbidwa ndi magalimoto ena, lowonda limakwana pomwe lotambalala limakhula khoma lake lofewa ku miyala ndi zitsa. Mpikisano wa Camel Trophy, womwe unadutsa m'nkhalango za Zaire mu 1983, Madagascar mu 1987, ndi Tanzania mpaka Burundi mu 1991, unkayenda pa Land Rover za matayala owonda a malimu a mainchesi 16. Madalaivala onyamula alendo m'malo osungira nyama, omwe amadya za m'matope chaka ndi chaka, ambiri amakhalabe pa 7.50R16 kapena 235/85R16. Kwa ine, munthu wofunadi kukwezako difu pa galimoto yakale angachite bwino ndi 255/85R16: ndi lalitali ngati 33 koma silinenepa kwambiri, ndipo pa Defender ndi Land Cruiser zambiri limalowa popanda kudula zambiri, kungosintha mabawuti oletsa chiwongolero kuti lisakhule pokhota. Vuto lake ndi kusowa.

Kusowako kumatifikitsa kwa wogulitsa. Mitengo ya rabara ilipo ku Vizara ku Nkhata Bay, koma matayala a saizi zimenezi onse amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwetsedwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, matayala asanu atsopano a BFGoodrich anasanduka loto kwa ambiri. Msika wa matayala a kaunjika ndiwo unakula. Muli abwino ndi oipa, ndipo wamatayala wachilungamo amaonetsa kasitomala nambala zinayi zomwe zili kumapeto kwa chilembo cha DOT pa khoma la tayala: 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kukhala ndi mano onse koma rabara itauma ndi kung'aluka. Amaonetsanso nambala ya katundu: 120 ndi makilogalamu 1,400 pa tayala limodzi. Matayala ambiri onenepa a malimu a mainchesi 15 amanyamula zochepa kuposa 7.50R16 la mapulayi 12 lomwe akulichotsalo, ndiye pikapu yomwe inkasenza matumba a fetereza bwinobwino imayamba kuphulitsa matayala akumbuyo. Pa Defender, yomwe magudumu onse anayi amakoka nthawi zonse, kusakaniza masaizi awiri chifukwa a kaunjika sanakwane kumavutitsa difu yapakati.

Amisiriwa ena anadutsa ku makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa ndi Mzuzu, ali ndi mapepala a TEVETA kapena a mayeso a giredi. Ambiri anaphunzirira pansi pa galimoto, kuyamba ndi kutsuka zitsulo m'beseni la dizilo ndi kupatsira masipanala, zaka zingapo akulandira ya nsima yokha. Za kukweza magalimoto palibe silabasi yake. Amaphunzira pa zomwe zathyoka, kwa akuluakulu omwe anagwirapo m'magalaja a boma, a m'maesiteti a tiyi ndi a mamishoni pomwe Land Rover inali mfumu ya msewu, ndipo masiku ano pa YouTube. Mavidiyo ambiri amenewo ndi a anthu a ku America ndi ku Australia omwe galimoto yotere ndi yosewerera Loweruka, ndipo ikathyoka amaikoka pa ngolo kupita nayo kunyumba. Ya kuno Lolemba imayenera kukatenga mbewu kapena wodwala. Makanika yemwe amauza kasitomala kuti asiye mainchesi 35 atenge 235/85R16 amataya ndalama ya masipuling'i, ya kuwotcherera ndi ya mashafuti omwe akanadzathyoka, ndipo kasitomala wina amakwiya n'kupita pa galaja yoyandikana nayo. Alipobe omwe amanena.

Ntchito ikatha, wosamala sangopereka makiyi. Amakweretsa gudumu limodzi pa chulu kapena pa mulu wa njerwa kuti ekiselo ipendekeke mpaka pomaliza, amakhotetsa chiwongolero mbali zonse, amalowa pansi kufufuza pomwe rabara yakhudza chitsulo ndi pomwe paipi ya buleki yakokeka. Amauza mwini wake abwerenso akayenda makilomita 50 kapena 100 kuti adzakungenso manati a magudumu ndi a masipuling'i. Amamukumbutsa kuti galimoto idzapitabe kukayezedwa COF, ndipo matayala otulukira kunja kwa bodi amafuna madigadi owonjezera kuti asamaponye miyala ndi matope kwa apanjinga.

Chotsala ndi tayala lachisanu, lomwe ambiri amalisiya pofuna kupulumutsa ndalama. La 7.50 lakale silingagwire ntchito limodzi ndi atatu a mainchesi 35. Latsopanolo, pamodzi ndi limu lake lachitsulo, limapitirira makilogalamu 40. Silikwana m'malo ake akale pansi pa galimoto, pa boneti ya Land Rover limatseka maso a dalaivala, ndipo pa chitseko chakumbuyo cha Defender limang'amba mahinjesi m'misewu ya mabampu. Wowotcherera amapanga chonyamulira chomangirira ku chasisi, ndipo jeke wa fakitale nayenso amafupika, amafuna wina wamtali kapena thabwa lochindikala. Awiri akaphulika pa ulendo umodzi cha ku Chitipa kapena ku Makanjira, 7.50R16 limapezeka pa boma lapafupi, mwina ngakhale kwa woyendetsa lole yaing'ono. La 35x12.50 limadikira kuti wachibale alikweze basi kuchokera ku Lilongwe.